Mpando wa a Hilário

Loweruka lililonse masana anthu anayi ankakumana m'sala ina yophunziriramo ya pa shikola ya sekundariya ku Ulongwe. Ankakankhira mipando ya ana kukhoma, n'kusiya inayi pakati. Iwo ankadzitcha Kwarutetu ya Angónia, kutanthauza gulu la oimba anayi, koma anthu a pamsika ankangoti "a kaligo wachizungu aja".

Mpando woyamba unali wa a Hilário, mphunzitsi wa masamu pa shikola yomweyo. Ankaimba viyolinu yoyamba, ndipo ndiwo ankatsogolera: akakoka mpweya n'kudzutsa uta, enawo ankadziwa kuti nyimbo yayamba. Pambali pawo pankakhala Ercília, namwino, wamng'ono pa onsewo, ndi viyolinu yachiwiri. A Pita, mlimi wa kachewere wa ku Domwe, ankaimba viyola, yofanana ndi viyolinu koma yokulirapo ndi yamawu okhuthala. Ankabwera nayo pa njinga yamoto ataikulunga m'bulangete. A Laurinda, a ku sekeretariya, ofesi ya boma, ankaimba viyolonselu, chachikulu chija choimika pansi pakati pa miyendo.

Zoimbirazo zinabwera ndi padiri wina, wansembe wa ku Ulaya, amene anafika ku Lifidzi nkhondo itangotha, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira. Padiriyo anaphunzitsa achinyamata ambiri kuwerenga nyimbo papepala ndi kugwira uta. Ambiri analeka panjira. Iye atakalamba n'kubwerera kwawo, anasiya zoimbirazo ndi bokosi la mapepala a nyimbo za azungu akalekale, zolembera anthu anayi, zopanda mawu, zopanda ng'oma. Anayiwa ndiwo anatsala nazo.

Zaka zoyamba ankaimba m'matchalitchi ndi m'maukwati. Maukwati anawathera atachuluka anyamata a zokuzira mawu. Pa masiku a chikondwerero cha boma ankawaika pambuyo pa ovina ngoma, fumbi lisanakhazikike, ndipo anthu ankayamba kunyamuka kukafuna madzi akumwa. Ku Tete anapitako kangapo, kukaimba m'hotela imene mabwana a migodi ya malasha ankadyera. Kumeneko palibe ankamvetsera, ndipo ulendo wina kutentha kunamatula viyolonselu m'mbali, mpaka mmisiri wa matabwa wa ku Ulongwe anachita kuimata ndi kuimanga ndi mphira sabata yathunthu. Kamodzi pachaka, nyengo yachisanu, ankaimba konsati yawoyawo m'holo ya parishi. Kunkabwera aphunzitsi, masisitere, achibale awo ndi anthu ena ochepa amene anali atazolowera kukhala chete mpaka nyimbo ithe.

Zinayenda choncho kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Kenaka munthu wina wa ku Beira anaona kavidiyo kawo pa foni, n'kuwaitana ku chikondwerero cha nyimbo zamtunduwu chimene chinali kudzachitika mwezi wa Agosto, pamodzi ndi magulu a ku Maputo ndi a kunja.

Chaka chomwecho, mvula ili mkati, a Hilário anadwala malungo aakulu n'kugona m'chipatala. Anachira, thupi linabwerera, ndipo chimanga chisanakhwime anali atakhalanso pampando wawo.

Loweruka lina a Hilário anaimitsa nyimbo pakati.

"A Laurinda, mukuimbira kunsi kwa bulangete kodi? Sindikukumvani."

"Ndikuimba monga ndimaimbira masiku onse," anayankha a Laurinda.

"Kwezani."

A Laurinda anakweza, mpaka viyolonselu inamiza ena onse. A Hilário anagwedeza mutu kuti tsopano zili bwino.

Panalinso china. Nyimbo ikakwera kumawu ang'onoang'ono a nsambo yomaliza, chala cha a Hilário chinkapitirira pang'ono pamalo pake. Kunali kupitirira kochepa kwambiri, koma mawu awo ndi a Ercília ankakhulana ngati mpeni pambale. Poyamba Ercília ankasuntha chala chake kuti awatsatire. Akatero ankasemphana ndi a Pita ndi a Laurinda.

Atatuwo anakumana ku Domwe tsiku la msika, pa chisakasa cha a Pita, pakati pa matumba a kachewere odikira ogula a ku Malawi.

"Khutu la a Hilário lapita," anatero a Laurinda. "Tonse tikudziwa. Ercília, iwe ndiwe wa kuchipatala, nena."

"Zimachitika," anatero Ercília. "Kwa ena limabwerera. Kwa ena ayi."

"Ndiye uwauze."

"Ine ayi, amayi. Ndikanena ine, adzati ndikufuna mpando wawo. Ndiponso anandiphunzitsa masamu ndili kamtsikana."

A Laurinda anatembenukira kwa a Pita. A Pita anali kusoka kukamwa kwa thumba, ndipo sanadzutse mutu.

"Ine ndi achimwene aja tinagona msasa umodzi ku Dedza nthawi ya nkhondo," anatero. "Sindingawauze zimenezo. Mwina litseguka lokha. Tidikire chisanu."

Chisanu chinafika, khutu silinatseguke. Pokonzekera za ku Beira, anapempha kuti aimbe nyimbo zomwezo m'tchalitchi cha ku Domwe Lamulungu lina misa itatha. Anthu anatsalira ambiri, ena chifukwa kunja kunkaomba mphepo. Gawo loyamba, lothamanga, linadutsa bwino. M'gawo lachiwiri, lodekha, viyolinu yoyamba imakwera yokha pamwamba n'kukhala pamenepo nthawi yaitali, enawo akuigwirizira pansi. A Hilário anakwera, maso ali chitsinzinire, n'kukhazikika pambali pa mawu oyenera. A Pita anayang'ana pansi. Nyimbo itatha anthu anaomba m'manja kwambiri, amayi ena analulutira, ndipo katekisita anati sanamvepo zokoma chotero.

Kuseri kwa tchalitchi, akulongedza, a Laurinda anatulutsa foni imene anaisiya ikujambula mawu pa benchi.

"A Hilário, tamverani apa."

A Hilário anaika foniyo kukhutu lamanja, namvetsera gawo lonse lodekhalo.

"Zili bwino," anatero. "Mwina a Pita anachedwa pang'ono polowa."

"A Pita sanachedwe. Inu mukuimba pamwamba pa mawu. Mwakhala mukutero chichokereni kuchipatala."

A Hilário anayang'ana a Laurinda, kenaka a Pita, kenaka Ercília.

"Mwakambirana atatu?"

A Pita anapitiriza kukulunga viyola yawo m'bulangete.

"Ine ndinayamba kugwira viyolinu uyu asanamere mano achikulu," anatero a Hilário akuloza Ercília. "Lero mundiuze kuti sindidziwa pamene pali mawu?"

"Kudziwa mumadziwa, aphunzitsi," anatero Ercília. "Ndiloleni ndiyese kanthu kamodzi. Mukakana, sindidzanenanso."

Anawapempha kuti atseke khutu lamanja ndi chala, atembenukire kukhoma, ndipo akamva kulira kwa viyolinu akweze dzanja. Iye anaima kumbuyo kwawo chakumanzere, mbali imene woimba amagonekako viyolinu. Analiza mawu apansi, dzanja linakwera. Analiza apakati, dzanja linakwera mochedwerako. Kenaka anakwera pa nsambo yomaliza n'kukoka uta wonse, kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. Mawuwo anali akuthwa moti mbuzi imene inkadya pafupi inadzutsa mutu.

A Hilário anaimabe choyang'ana khoma.

"Yamba, ndikudikira," anatero.

Ercília anatsitsa uta. A Hilário anatembenuka n'kuona nkhope zawo. Anatseka bokosi la viyolinu yawo, nakakwera shapa, minibasi yobwerera ku Ulongwe, osadikira anzawo.

Sabata yotsatira anapita ku Tete kukaonana ndi dotolo wa makutu. Dotoloyo anawayeza n'kuwauza kuti khutu lamanzere lataya mawu onse apamwamba, ndipo lamanja layamba kutsatira. Kaya anali malungo aja, kaya mankhwala ake, kaya zaka, iye sanathe kunena. Anati kachipangizo kovala m'khutu kangawathandize kumva ana m'sala, koma pa nyimbo asayembekeze zambiri.

Loweruka limenelo sanabwere, ndipo lotsatira lakenso sanabwere. Atatuwo ankakhala pamipando yawo n'kuyeserera magawo awo, koma nyimbo yolembera anayi ikasowa mmodzi imakhala ndi mabowo. A Laurinda anati alembere a ku Beira kuti sabwera. A Pita anati adikire kaye, ndipo anakwera njinga yawo kupita kunyumba kwa a Hilário.

Anapeza a Rufina, akazi awo a Hilário, akupeta nyemba pakhonde.

"Ali kuseri," anatero a Rufina. "Ine ndinadziwa kale, alamu. Wailesi ankaitsegula mpaka anansi kudandaula. Koma munthu amene amati khutu lake ndi lakuthwa kuposa la aliyense mu Angónia muno, ungamuyambe bwanji?"

A Hilário anali kukonza khola la nkhunda. Amuna awiriwo anakambirana za mtengo wa fetereza, za msewu wa ku Domwe umene unakumbika ndi mvula, ndi za mwana wa a Pita amene ankafuna kukwatira. Za nyimbo sanatchule. A Pita atanyamuka kuti azipita, a Hilário anawaperekeza mpaka pamsewu.

"Ercília gawo langa amalidziwa?" anafunsa.

"Amalidziwa, achimwene. Wakhala akulimva kukhutu kwake zaka zonsezi."

Loweruka lotsatira atatuwo atafika, anapeza sala yotsegula kale, mipando itakonzedwa. A Hilário anali atakhala pampando wachiwiri, akukunga nsambo. Mapepala a viyolinu yoyamba anali pa choikapo cha mpando woyamba. Ercília anaima pakhomo.

"Khala, nthawi ikutha," anatero a Hilário.

Kusinthanako kunathandiza mbali ina. Viyolinu yachiwiri imayenda kwambiri m'mawu apakati ndi apansi, amene a Hilário ankawamvabe. Ndiponso pampando wachiwiri khutu lawo lamanja, labwinopo lija, linkaloza kwa Ercília. Koma mavuto ena anabadwa. A Hilário ankakokabe mpweya n'kudzutsa uta nyimbo isanayambe, monga anazolowerera, ndipo a Pita ndi a Laurinda ankalowa potsatira iwo. Ercília ankatsala m'mbuyo, akudikira kuti wina amuuze. Akafika pamene viyolinu yoyamba iyenera kumveka pamwamba pa onse, ankaimba motsitsa ngati akupepesa.

"Ercília," anatero a Laurinda tsiku lina, "mpando wapatsidwa. Khalapo ndi matako onse."

"Ndikuyesa, amayi."

"Ndipo inu a Hilário, lekani kupuma mokweza. Tikusowa woti timuyang'ane."

"Ndisiye kupuma?"

"Muzipuma mukatha kuona kuti iye wapuma."

A Hilário anaseka pang'ono, koyamba chibwerereni. Kuyambira pamenepo ankayang'ana chigongono cha Ercília m'malo mwa pepala, popeza gawo lachiwiri analiloweza msanga. Nthawi zina ankamuimitsa n'kumuonetsa mmene iwo ankagwirira malo ena ovuta. Zina Ercília ankatenga. Zina ankamvetsera mwaulemu, n'kuimba mmene ankafunira iye. Gawo lodekha lija analifulumizitsa pang'ono, ndipo a Hilário ananena kawiri konse kuti padiri sankaliimba choncho. Kachitatu sananene.

Ku Beira anayenda pa shapa mpaka ku Tete, n'kukwera basi yaikulu kuchokera kumeneko. Viyolonselu inakhala pampando wakewake pafupi ndi a Laurinda, ndipo wothandiza dalaivala ankaitcha "amalume". Atafika, chinyezi cha kunyanja chinafewetsa nsambo ndi ubweya wa mauta, moti ankangokhalira kukunga. A Pita, amene anali asanaonepo nyanja yamchere, anapita kukaiona m'mawa, nabwerako n'kunena kuti ndi yaikulu koma yamatope.

Anawaika kuti aimbe tsiku lachiwiri madzulo, pakati pa gulu la ophunzira a ku Maputo ndi gulu lina la azungu. Holoyo inali ndi mipando yofewa ndi magetsi owala kumaso, oti woimba saona amene akumumvera. Wolengeza anatchula mayina awo kuchokera pa pulogalamu yakale, imene inkati viyolinu yoyamba ndi a Hilário. Palibe anakonza.

Ercília anakoka mpweya, nadzutsa uta, ndipo onse analowa pamodzi. Gawo loyamba linayenda. M'gawo lodekha anakwera yekha pamwamba paja n'kukhala pamawu enieni, osagwedezeka, enawo akumugwirizira. M'gawo lomaliza muli malo amene onse anayi amaima chete kanthawi, kenaka n'kulowanso mwamphamvu. Pamenepo a Hilário analowa okha, nthawi isanakwane. Mawu awo anamveka paokha m'holo monse. Ercília sanawatsatire. Anagwira uta m'mwamba mpaka kanthawi kaja katakwana, a Pita ndi a Laurinda akuyang'ana iye, ndipo atatsitsa, a Hilário analowa nawo limodzi ngati palibe chachitika. Anamaliza bwino. Anthu anaomba m'manja mokwanira kuti abwerere kudzawerama kachiwiri.

Gulu la azungu litayamba, anayiwo anakhala kumbuyo n'kumvetsera. Linali gulu loimba bwino kwambiri kuposa iwo, ndipo onse anadziwa zimenezo. A Pita ananong'oneza kuti viyola ya mayi wa m'gululo inkalira ngati munthu. A Hilário anafunsa kuti anena chiyani, a Pita n'kubwereza mokweza, mpaka munthu wa kutsogolo anatembenuka.

Pambuyo pake mphunzitsi wina wa nyimbo wa ku Maputo anabwera kudzawapatsa moni. Anafunsa kumene anaphunzira, nadabwa kumva kuti ku Lifidzi. Anauza Ercília kuti dzanja lake lamanja ndi louma pang'ono, namuonetsa mmene angamasulire chala chaching'ono pa uta. Kwa a Hilário anati viyolinu yachiwiri yodziwa kumvera yoyamba ndi yosowa. A Hilário anathokoza.

Pobwerera, basi itadutsa Chimoio, a Hilário anauza a Pita kuti paja analowa msanga sikunali kulakwa kwa khutu.

"Ndinaiwala kuti wotsogolera si ine," anatero.

Anaimba nawo chaka china chathunthu. Anapita ku Tete kawiri, anawoloka malire kukaimba pa tchalitchi china ku Dedza, ndipo konsati ya m'holo ya parishi inadzaza kuposa kale chifukwa anthu anamva kuti gululo linafika ku Beira. Koma khutu lamanja linapitirira kutsika. Kachipangizo kaja anakagula, ndipo m'sala kankawathandiza, koma akagoneka viyolinu pachibwano kankalira mluzu, n'kumachita kukachotsa. Zala zinayamba kusochera ngakhale m'mawu apakati. Ulendo uno panalibe amene anakumana pa chisakasa cha kachewere. Mvula yoyamba itagwa, a Hilário ananena okha, atamaliza kuyeserera, kuti Loweruka lotsatira asawadikire. Viyolinu anaisiya m'manja mwa a Laurinda, poti inali ya gulu, kuti akadzapezeka woimba idzagwire ntchito.

Woimbayo sanapezeke msanga. Ercília anayamba kuphunzitsa atsikana awiri a pa shikola, koma anati padzatenga zaka kuti mmodzi akhale pampando. A Laurinda anafufuza nyimbo zolembera anthu atatu, viyolinu, viyola ndi viyolonselu, nazisindikiza ku sekeretariya. Zinali zochepa, ndipo zina zinali zovuta kuposa zimene anazolowera, chifukwa pa atatu palibe pobisala. A Pita anadandaula kuti akalamba ndi ntchito ya anthu awiri. Anaphunzira zitatu, nayamba nazo kuyenda. A ku Beira anawaitananso patapita zaka ziwiri, koma masikuwo anagundana ndi ntchito ya katemera kuchipatala, ndipo sanapite.

A Hilário atapuma ntchito ya uphunzitsi anasamukira kumunda kwawo ku Lifidzi, kumene ankalima nyemba ndi chimanga. Loweruka lina, atabwera ku Ulongwe kudzagula malata a khola, anadutsira pa shikola. Analowa m'sala mwakachetechete n'kukhala pa kampando ka ana kufupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Atatuwo anawaona koma sanaime. Anamaliza gawo limene ankayeserera, nabwereza malo ena amene a Pita ankaphonya, namalizanso.

"Mwatimva bwanji, aphunzitsi?" anafunsa Ercília mokweza.

"Pang'ono," anatero a Hilário. "A Laurinda ndawamva."

Kenaka anafunsa a Pita ngati mbewu ya kachewere yofiira ija ikupezekabe ku Domwe, poti a Rufina ankafuna kuyesa kumunsi kwa munda kumene kumasunga chinyezi. A Pita anati awasungira thumba limodzi. A Hilário anayang'ana kuthambo pawindo, nati mitambo ya kumapiri ikubwera ndipo malata awo ali pamtunda pa shapa. Anatsanzika onse ndi dzanja, natuluka. Atatuwo anatembenuza mapepala n'kuyamba gawo lotsatira.